Sitalaka ya Pansi pa Mtengo wa Mango

Chinkhoswe changa chinali cha Loweruka. Abwana athu, Bambo Fanizo, atamva anangoti, "Tikondwe, foni isazime. Ikalira, mudzatuluke pang'ono."

Kutuluka pang'ono! Pa chinkhoswe changa chomwe, amalume a mwamuna ali pakati pa mawu? Ndinapsa mtima ine.

Tinalipo anayi pakampani yathu kuseri kwa msika wa pa Boma. Tinkalemba pulogalamu ya pafoni yolumikiza alimi a kachewere a ku Biriwiri ndi ogula a m'tauni. Ikangotsokomola pulogalamuyo, abwana ankatiitana, kaya uli kutchalitchi kaya kumaliro.

Ndinasonkhanitsa anzanga. "Akabaza ali ndi bungwe lawo, ife ophunzirafe tikulephera chani? Tipange yuniyoni!"

Inapangidwa pomwepo. Ine tcheya, Gracian wachiwiri, Lufina mlembi, Yankho msungichuma. Membala wamba panalibe, koma zinalibe kanthu. Tinagwirizana chimodzi: pasapezeke wokhudza kompyuta mpaka atipatse Loweruka.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kunja kwa ofesi. Tsoka lake, pulogalamu ija tinaimanga bwino. Ife tikunyanyala, iyo ikugwira ntchito ngati palibe chachitika. Abwana ankadutsa n'kumatipatsa moni, "Mwaswera bwanji a yuniyoni?" Manyazi ake!

Lachinayi mwayi unabwera. Pulogalamu inayamba kutumiza ogula onse kwa mlimi mmodzi, ndipo malole anakaunjikana pakhomo pake. Mafoni a abwana ankangolira osalekeza.

"Gwirani mtima," ndinawauza anzanga. "Mbedza yagwira nsomba."

Koma inu simuwadziwa anthu olemba mapulogalamu. Akaona cholakwika chimawanyerenyetsa ngati chitedze. Gracian anayamba kudandaula m'mimba, nanyamuka ndi chikwama. Lufina akuti akagule mandazi. Yankho sanapeze n'chonamizira chomwe, anangosowa.

Aliyense anakakonza mobisa, osadziwa kuti mnzake akukonzanso pomwepo. Zokonza zitatuzo zinagundana, pulogalamu yonse n'kuthima. Zii!

Anabwerera mmodzimmodzi, maso pansi.

"Ndinangosintha mzere umodzi," Gracian ananong'ona.

"Nanenso," anatero Lufina.

Yankho nayenso anavomera ndi mutu.

Ndisanawalalatire, abwana anatulukira, malaya ali nyowee ndi thukuta. "Mwaichita chani pulogalamu yanga?"

Gracian anatsegula pakamwa kuti apepese. Ndinamuponda chala mwamphamvu.

"Bwana," ndinatero modekha, "mamembala akwiya. Inenso ndikulephera kuwagwira."

Bambo Fanizo anawayang'ana atatu aja, akunjenjemera ndi mantha, ndipo anaona ngati n'kunjenjemera kwa ukali.

"Chabwino! Loweruka ndi lanu, Lamulungu lomwe tengani. Ingoidzutsani."

Ndinawakhazika pakompyuta imodzi achinyengo atatu aja, ine nditaima kumbuyo kwawo ngati kapitawo. Pofika Lachisanu masana malole anali atabalalika.

Loweruka foni ndinaisiya m'sutikesi, yozimitsa. Koma nditakhala pamphasa, ankhoswe akulankhula, dzanja langa linkangofufuza m'chitenje, kusaka chinthu choti palibe. Linafufuza kachiwiri, kachitatu. Amayi, amene anakhala pambali panga, analigwira dzanjalo n'kuliika pamwendo pawo.

"Ndinayesa sindidzakhalanso nawe tsiku lathunthu," anandinong'oneza.

Misozi inandilengeza. Sanalisiye dzanja lija mpaka mwambo unatha.