Inki ya pa Chikhadabo

Inali cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndipo mwera unali utakula moti palibe bwato limene linalowa pamadzi ku Chia. Hamidu ankasoka ukonde pansi pa mtengo wa mango, wailesi ili pambali pake. Munthu wina anaimba foni kuwailesiko kunena kuti pakhale lamulo lokakamiza aliyense kuvota, wokana azilangidwa.

Hamidu anasiya kusoka.

"Ndiye ine adzandimanga," anatero.

Steward, mnansi wake amene anapuma pa uphunzitsi, anaseka. "Inu a Hamidu, ndi imvi zonsezi simunavotepo? Ulesi kapena mantha?"

"Ndi inki ija amapaka pachala. Potawaza, kusamba kuja timachita ife Asilamu tisanaswali, madzi amayenera kufika paliponse, ndi pachikhadabo pomwe. Inkiyo imakhala masabata. Swala zonsezo zipite pachabe chifukwa cha phungu?"

Steward anasiya kuseka, nasendeza mpando wake pafupi. "Anakuuzani ndani kuti imatchinga madzi?"

Hamidu anaganiza. Panalibe amene anamuuza. Anangoona mmene penti ya bwato imakanira madzi, ndiye anati inkinso ndi chimodzimodzi.

Mwana wake wamkulu, Sharifa, ankatsuka mbale chapafupi. Anabwera akupukuta manja pachitenje, natambasula chala. Kunsonga kwa chikhadabo kunali kukuonekabe kamzere kakuda ka chisankho chapitachi.

"Ababa, takandani apa."

Hamidu anakanda ndi nsonga ya mpeni, pang'onopang'ono. Palibe chinamatuka. Penti ikanasupuka, iyi inali italowa ngati utoto wa nsalu. Anathirapo madzi, chikhadabo chonse chinanyowa.

"Komanso a shehe anavota," anatero Sharifa. "Lachisanu lija anatsogolera swala chala chili bii. Simunaone?"

"Ine mumzikiti sindiyang'ana zala za anthu."

"Ndiyetu lamulo likanakuthandizani," anatero Steward. "Bwenzi mutavota kalekale."

"Bwenzi ndikuthawira panyanja tsiku lililonse la chisankho. Wapolisi akanandifunsa chifukwa?"

Steward anatambasula dzanja lake. Anali akuyang'ana chala chake chomwe.

Hamidu anagwiranso dzanja la mwana wake, nalitembenuzira kudzuwa.

"Ndikafunsa ndekha kwa a shehe Lachisanu. Akavomereza, udzandiperekeze kolembetsa. Koma wondisankhira munthu ndisamuone."

Anatsitsa wailesi, natola ulusi, n'kuyamba kufunafuna pamene anasiyira pa ukonde uja.