Mzere wa Kuchulu

Thirakitala yatsopano ya pa esiteti inabwera ndi nzeru zakezake: inkadziwongolera yokha. Bwana manijala anati umu ndi mmene sitima zikuluzikulu zimayendera panyanja. Umangoilembera njira pakagalasi, setilaiti n'kumaitsogolera, dalaivala n'kukhala phee ngati thumba la chimanga. Lucious, amene anaumitsa zikhatho zake ndi chiwongolero kwa zaka khumi ndi ziwiri, anamva ngati amutukwana.

"Tamvetsetsani, a Lucious," anatero kapitawo wake, a Mphepo. "Mukangogwira chiwongolero, makinawa amasiya kuwongolera, ndipo amakunenezani ku ofesi. Mzere ukakhota, nanunso mukhotera kwanu."

Kwawo kuti? Dzina la Lucious silinali m'kaundula wa mudzi uliwonse, choncho makuponi a feteleza ankangowamvera pawailesi. Nyumba inali ya esiteti, kadimba ka esiteti, ngakhale chitseko chimene ankatseka.

Chaka chimenecho munda wa fodya anaukuza mpaka kutchire la kuchulu, ndipo apa m'pamene panagona nkhani. Zaka zitatu m'mbuyomo mkazi wake, Feliya, anabereka mwana wakufa kale. Mwana wotere salira maliro, ndipo amuna sayandikirako. Amayi achikulire okha ndiwo amakamuika mwakachetechete m'kadzenje kosaya, poti amati ukazamitsa watseka mimba ya mayiyo. Palibe mtanda, palibe mtumbira. Feliya mwini wake anatsala ali gone m'nyumba. Chimene awiriwa ankadziwa n'chakuti mwanayo ali kuchulu, atakulungidwa m'shawelo yachikasu imene Lucious anagula ku Boma akumwetulira ngati chitsiru.

Tsopano Feliya anali ndi pakati penanso.

"Musakamulime mwana wanga," anamuuza m'mawa wa tsiku lolima kuchuluko, maso ali pansi. "Mukamusokoneza, uyunso atsatira mnzake."

Lucious analonjeza, kenako anapita kwa mayi Consolata, mmodzi yekhayo wotsala pa amayi amene anakumba kadzenjeko. Anawapeza akunola khasu.

"Amayi, ndiuzeniko malo enieni. Lero tikulima kumeneko."

"Iwe, zimenezo mwamuna safunsa! Ukufuna kutilaula?" Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Gwira ntchito yako. Za akazi usiyire akazi."

Amati safunsa anadya phula. Uyu anafunsa, koma phulalo linkamudikirabe.

Dzuwa litafika pamutu, thirakitala inali italima mizere makumi atatu, yowongoka mochititsa manyazi munthu. Amayi aganyu ankatola mizu m'mbuyo mwake. Lucious manja anali pamaondo, thukuta lili kamukamu. Pakagalasi mzere wotsatira unkadutsa kumanzere kwa chulu, pansi penipeni pa kamtengo ka mpoza. Lucious anauyang'anitsitsa mtengowo. Akanakhala iye, mwana akanamuika pamthunzi pomwepo. Ndani angasiye khanda padzuwa?

Anaganiza za nyumba, za a Mphepo, za ulendo wopanda kolowera ndi mkazi wodwala pakati. Anachita mantha, osati pang'ono. Mpoza unkayandikira.

Anagwira chiwongolero.

Makina analira tswii tswii, kagalasi n'kufiira. Lucious anapotokolera kumanja ndi mphamvu zake zonse, nazungulira chulu mbali inayo, poyera, pamene panali tsekera wouma yekhayekha. Kwa kanthawi kochepa anamva kukoma kumene anali ataiwala, kwa chitsulo chomvera dzanja lake. Mpoza unatsala uli chiimire, osathothoka ndi tsamba lomwe.

Kenako anamva mfuu, osati ya makina. Atacheuka anaona amayi aganyu ataponya mizu pansi, ena atagwira kumutu, ena akuthawa atabisa nkhope. Anazimitsa injini natsika.

Mumzere wake wokhotawo, pa dothi lofiira longotembenuzidwa kumene, panali nsalu. Inali itada ndi dothi, koma ulusi wa ku Boma suwola msanga. Chikasu chake chinkaonekabe.

Mayi Consolata anafika akuwefuka, navula chitenje chawo n'kuphimba pamalopo. Sanakalipe ayi. Mawu awo anali aang'ono, a munthu amene akudziwa kuti naye wapalamula.

"Pamtengo sitiika, mwanangu. Mizu imam'manga mwana. Ndinaona pa zikhomo za m'mundamu kuti mzere wa makinawo udutsa kutali, n'chifukwa chake ndinati gwira ntchito yako."

Lucious anayang'ana mpoza, anayang'ana manja ake. Kumsewu wa esiteti njinga yamoto ya a Mphepo inali ikubwera, fumbi lili koboo, koma iye sanaisamale n'komwe. Maso ake anali kumakomboni, kumene mmodzi wa amayi aja anali atayamba kale kuthamangira. Pakhomo pa nyumba yachitatu Feliya anali ataimirira, dzanja lili pamimba, akudikira kumva ngati mwamuna wake wasunga pangano.