Mpando wa Pawindo

Kapena ankangomumwetulira chifukwa anthu akuno amamwetulira aliyense — anaganiza choncho ataima pakhomo la kachipinda ka kuseri kwa shopu ya telala, momwe gulu la okonda kujambula zithunzi limakumana Loweruka masana, envelopu ili m'khwapa, kamera ikumulemera m'khosi ngati yobwereka. Mlongo wake ndiye anamukankhira kuno. "Achimwene, mwezi wachinayi uno mukungojambula makoma. Kaoneni anthu." Makoma, inde, nanga akanajambula chiyani, poti pobwerako kumaiko akunja patatha zaka makumi atatu anapeza pamene panali laibulale akugulitsapo matayala, mtengo wa pamphambano anaudula kalekale, ndipo m'misewu yonseyi panalibe womuitana ndi dzina la paubwana — amuitane bwanji, iye amene sanabwere ngakhale kumaliro a bambo ake, n'kumati ntchito, ntchito, ngati kuti ntchitoyo ndi imene inamubereka?

Mu envelopumo munali zithunzi za milatho ndi masitima a kunja, zimene anazisankha m'mawa wonse kuti anthuwa adziwe kuti si wophunzira ayi.

"Ikani apo kaye, akulu," anatero telala, yemwenso ankatsogolera gululo. "Kuno mlendo sayamba n'kuonetsa. Amayamba n'kujambulidwa."

Anamukhazika pampando wa pawindo, anthu asanu n'kumuzungulira, ena ndi mafoni chabe, ndipo manja ake, amene kwa moyo wonse anali ndi chogwira, anasowa pokhala, chifukwa kuseri kwa kamera munthu amaona osaonedwa, amaweruza osafunsidwa, ndipo kumeneko n'kumene anabisala kunja kuja — ayi, asanamizire kunja, anayamba kubisala ali konkuno.

"Tsitsani mapewa, bambo, si cha pasipoti ichi," anatero mayi wina, namwino, onse n'kuseka. Iye anafunafuna chipongwe m'kusekako, osachipeza, ndipo kusachipezako n'kumene kunamuopsa.

Pakhoma panali nkhope za onsewo, aliyense atakhala pampando womwewu tsiku lake loyamba, ndipo kumapeto kwa mzerewo kunali msomali wopanda kanthu.

Namwino uja atamujambula anamubweretsera kamera yake kuti aone chithunzicho. "Mukachilola timachipachika, ndiye kuti ndinu wathu. Mukachikana timafufuta, sitikwiya."

Anayang'ana. Ankayembekezera kuona mlendo wa jekete lodula, munthu woti n'kumuseka, koma pa kagalasi ka kamerayo, m'nkhope yake yomwe, munali bambo ake — milomo yofunya ija, mutu utapendekera kumanzere, monga ankachitira akakhala pakhonde kudikira munthu wochedwa, osakwiya, osafunsa, kungodikira basi.

"Tipachike?" anafunsa telala.

Kunja wina anayatsa makina osokera, dzuwa linali litasuntha pang'ono pawindo, envelopu ili pathebulo pomwe anaisiya, palibe amene anaikhudza. Ndipo maso aja pa kagalasi ankamuyang'anabe, osaphethira.