Mbale Zobwerera za ku Madinat Khalifa

Kachipindako kanali kuseri kwa mzikiti wina ku Madinat Khalifa. Mwanjuma, mayi wochapa zovala pa hotela ina ku The Pearl, ndiye ankasunga kiyi. M'katimo munali mpunga, nyemba ndi mafuta ophikira zimene Amalawi a mu Doha ankasonkha kuti adyetse anzawo amene makampani awo ankachedwetsa malipiro. Mu 2016 anthu otere anachuluka, ndipo zosonkhazo zinaleka kukwana.

Chiyembekezo chinatsalira pa baladiya, ofesi ya boma la deralo, imene inkathandiza malo ogawirako chakudya kwa osowa. Ikakhutira, ipereka filiji ndi chakudya mwezi ndi mwezi. Ikakana, a komiti ya mzikiti ananeneratu kuti chipindacho adzasungiramo makapeti.

M'mawa wa tsiku loti a baladiya adzayendere chipindacho, Macfussy, mlonda wa ku Al Waab, anafika atavalabe yunifomu, tsache lili m'manja. Ataona shelefu yapansi anapukusa mutu. Panali anyezi mmodzi wofota, timapaketi ta tiyi, kachidutswa ka sopo, mandimu ndi zipatso zouma za tende.

"Anti, izi ndi zinyalala. Abwana akaona aziti tatsegula dzala."

"Musakhudze, achimwene."

"Ndiye tiwaonetse anyezi wamkulu kuposa ine?"

Mwanjuma atatuluka kukatunga madzi okolopera, Macfussy anakokolola zonsezo m'katoni n'kuibisa kuseri kwa chitseko. Pobwerera mayiyo, galimoto ya baladiya inali itaima kale pageti.

Anatsika mayi wa magalasi, wovala abaya, mkanjo wakuda wa amayi achiarabu. Anayang'ana mashelefu, nanunkhiza mpunga, kenako anafunsa m'Chingerezi chodekha: "Nanga anthu ake ali kuti? Kwina konse ndimapeza mzere."

"Kuno kulibe mzere, madamu," anayankha Mwanjuma. "Amenewa ndi abambo akuluakulu. Ana awo kumudzi akudziwa kuti bambo akudya bwino ku Doha. Sangaime padzuwa atagwira mbale. Timaphika, timavindikira, madalaivala amakatula kumakampu kumene antchitowo amagona. Ngakhale dzina sitifunsa."

"Ndikukumvani. Koma chipinda choyera chonchi, chopanda munthu... ndidziwa bwanji kuti pano pamadya anthu?"

Mlendoyo anadikira pang'ono, kenako anakoleka chikwama paphewa kuti azipita.

Nthawi yomweyo analowa Dauda, dalaivala wa basi ya antchito, thukuta kamukamu, atasanjikiza mbale zapulasitiki mpaka pachibwano. "Yalla, changu, ndipatseni njira!" Sanazindikire kuti pali mlendo. Anagwada pa shelefu yapansi n'kuyamba kuvundukula mbale imodzi imodzi monga mwa masiku onse. M'mbale ina munali dzira, ina tomato, ina bokosi la machesi. Kenako anaima.

"Zinazo zapita kuti? Wasesa pano ndani?"

Macfussy anayang'ana nsapato zake, kenako anaponya maso kuchitseko. Mwanjuma anatsata maso a mlondayo, natulutsa katoni ija kuseri kwa chitseko.

"N'chiyani chimenecho?" anafunsa mlendoyo.

"Kwathu mbale ya mnzako siibwerera yopanda kanthu," anatero Mwanjuma. "Aliyense amene wadya amaikamo kena kake, ngakhale kachepe bwanji. Tinawauza kuti asamavutike, koma samva. Akatero amadya mtima uli m'malo, poti sanapemphe, angoyenderana nafe."

Mayiyo anavula chikwama chija. Ananjuta, abaya ikukhudza pansi, natola anyezi uja. Anamutembenuza m'manja kwa kanthawi.

"Nthawi ya Ramadani amayi ankatituma kukapereka chakudya kwa aneba," anatero motsitsa mawu. "Tsiku lina ndinabweza mbale ya anebawo yopanda kanthu. Khutu ili likukumbukirabe." Anatembenukira kwa Macfussy. "Bwezeretsani zonse pamene zinali. Ndikufuna ndijambule."

Macfussy anasanja mosamala ngati akuyala katundu m'sitolo.

Patapita masabata angapo, lole ya baladiya inalowa cham'mbuyo kuseri kwa mzikiti. Munali filiji ya zitseko ziwiri ndi matumba a mpunga, ufa ndi nyemba. Alonda, madalaivala ndi amayi a m'mahotela amene sanali pa shifiti anakhamukira kudzatsitsa. Wina anayambitsa nthungululu, akulu a mzikiti n'kusuzumira pawindo akumwetulira. Za makapeti sizinatchulidwenso.

"Ine ndinadziwiratu kuti anyezi ameneyu atiwinitsa," anatero Macfussy atasenza thumba.

"Inu? Amene munamutsekera m'ndende?" anamuseka Dauda.

Woyendetsa loleyo anapatsa Mwanjuma thireyi yasiliva yovindikira. "Yachokera kwa madamu, si ya ofesi," anatero. Munali tende wonenepa wonyezimira. Mwanjuma anazungulira nayo mpaka aliyense atatolapo.

Lamlungu m'mawa, tsiku loyamba la ntchito ku Doha, thireyiyo inabwerera ku baladiya, itadzaza mandasi otentha. Anainyamula ndi Macfussy, ndi manja awiri.