Tsiku limene Kodio adalephera kunama

Mipopi ya ku Sarekoye idauma masiku khumi ndi awiri, ndipo anthu atatopa ndi kutukwana mipopi adayamba kutukwana Mamutu Karabenta. Iyeyu ndiye ankayendetsa injini yokoka madzi pamtsinje, munthu wofatsa woti ukamuponda chala wopepesa amakhala iyeyo. Migolo isanu ndi umodzi ya dizilo idasowa m'nyumba ya injini, ndipo mphekesera idawanda yoti waigulitsa kwa zigawenga za m'tchire. Loko sadathyoledwe. Makiyi adali awiri okha, wina wa Mamutu, wina wa ku boma. Nanga ndani angaloze boma chala?

Lachinayi, tsiku la msika, bwana Kodio, mkulu wa boma m'deralo, adaitanitsa msonkhano pabwalo. Adafika atavala mkanjo woyera mbee, pepala lochokera kulikulu lili m'manja, ndipo apolisi awiri adakaima kumbuyo kwa Mamutu. Mwamunayo adadziwa kuti pepalalo likangotha kuwerengedwa, ana ake azikamuonera kundende.

Kodio adawerenga za chitetezo chomwe akuti chikulimba, za akaidi asanu ndi awiri omwe akuti adasamutsidwira kundende ina, za anthu osakhulupirika ozembetsa mafuta. Atatsala pang'ono kutchula dzina, mkazi wa Mamutu, Umu, wogulitsa nsomba zowamba, adadzambatuka ndi fungo lake lomwe la utsi.

"Iwe Mdogoni, tayang'ana kuno! Mwana wa m'mapanga, wodya anyezi m'mawa ndi madzulo, wothawa madzi olekeza m'mawondo!"

Wapolisi wina, mlendo wa kummwera, adagwira mfuti, koma mnzake adamukoka mkono. Umu ndi Mbozo, Kodio ndi Mdogoni, ndipo mitundu iwiriyi ili pachisuweni cha magazi kuyambira makolo. Amanyozana mmene angafunire popanda mlandu, koma Mdogoni sanamiza Mbozo, sakhetsanso magazi ake. Ambiri ankayesa kuti zimenezi zidangotsala nthabwala za pamaukwati. Mamutu mwiniwake, Mbozo weniweni, sizidamufike n'komwe m'mutu.

Kodio adaseka monga mwa mwambo. "Kapolo wanga wonunkha milamba, khala pansi. Ndikugulira sopo."

"Sopoyo ndikasamba ndi madzi ati? Pinda pepalalo. Pepala silindidziwa, koma iwe ukundidziwa. Dizilo adapita kuti?"

Kodio adayang'ana pepala, nayang'ana apolisi, kenako maso ake adakhala pa Umu, mayi wa nsalu yothimbirira. Mamutu adaona ndi maso ake munthu wamkulu, wophunzira, woyendera galimoto ya mbendera, akupinda pepala lija momvera ngati mwana woyamba sukulu. Kenako bwanayo adavula chisoti.

"Ndidatsekula ndine, ndi kiyi wa ku ofesi," adatero. "Akaidi aja sadasamutsidwe. Tidawamasula kuti zigawenga zitibwezere anamwino atatu amene zidagwira pamsewu. Zidafunanso dizilo. Lamulo lidachokera kulikulu, koma migolo ndidakweza ndine, pa lole yomwe idanyamula akaidiwo. Mmodzi mwa omasulidwawo ndi amene adatentha msika chaka chatha. Mwamuna wako alibe mlandu."

Amayi amene adataya amuna awo pamoto uja adagwira pakamwa, ndipo nkhalamba ina idayamba kutchula dzina la Mulungu chapansipansi. Zaka zonsezi Mamutu ankakhulupirira kuti palibe choposa chidindo cha boma, koma lero adaona kuti chilipo, chakalekale, chopanda ofesi, chopanda mfuti, ndipo chalankhula kudzera mwa mkazi amene amakangana naye za mchere. Adachita mantha, koma mantha ake adali okoma.

Ola lisadathe, foni ya wapolisi wamkulu idalira. Adamvetsera ataimirira chilili, n'kumangoti inde bwana, inde bwana. Atamaliza adapita kwa Kodio, maso ali pansi, namupempha kuti akwere kumbuyo kwa galimoto yawo. Wapolisiyo sadayang'anenso n'komwe kwa Mamutu.

Kodio sadatsutse. Adangoitana dalaivala wake namuuza kuti akhuthule dizilo yense wa m'galimoto ya mbendera, apatse Mamutu.

"Ameneyu akukwanirani masiku awiri," adatero atakwera kale. "Za mtsogolo mukafunse amene adzabwere m'malo mwanga. Muzipemphera kuti adzakhale Mdogoni."

Mwambo umafuna kuti Mbozo ayankhe ndi chipongwe, ndipo anthu onse adatembenukira kwa Umu, mayi wosasowa mawu. Adatsekula pakamwa, koma sipadatuluke kanthu. Adangoima pomwepo misozi ikutsika, Mamutu atamugwira dzanja, mpaka fumbi la galimoto lidatha.