Mapu a Njanji Imene Nyanja Inadya

Ntchito yanga pakampani yathu yopanga magemu ndi yoyankha makalata. Gemu yathu ndi yoyendetsa sitima pakompyuta: umakhala ngati uli pampando wa dalaivala, njanji n'kumabwera kutsogolo kwako. Osewera amatilembera kuti tiwonjezere njira yakuti kapena yakuti. Ine ndimathokoza, n'kuika pempholo pamndandanda kuti anthu avotere. Mphamvu zanga zimathera pomwepo.

Lachitatu lina masana mlonda anandiimbira kuti ndili ndi alendo. Nditatsika ndinapeza bambo wachikulire atatchena jekete ndi tayi, mwana wawo wamkazi, mayi wamsinkhu wanga, atawagwira mkono. M'khwapa anapanira chipepala chokulunga.

"Pepani tangotulukira," anatero mayiyo. "Ndinawauza adadi kuti zonse zimachitikira pa intaneti, koma akuti akufuna aonane ndi munthu maso ndi maso."

Tinayala chipepalacho patebulo la m'chipinda chodyera, mbale za shuga zikutsindira m'makona. Anali mapepala ambiri olumikiza ndi selotepi, ojambulidwa ndi pensulo. Bambowo anati anayendetsa sitima m'mphepete mwa nyanja yamchere zaka makumi atatu ndi chimodzi. Anawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda pepala, chala chikutsatira mzere.

"Apa, mwana wanga, mumatuluka m'phanga la pansi pa phiri, nyanja n'kungoti mbee kumanzere. Muchepetse liwiro, pali kona, ndipo mafunde amanyowetsa njanji. Apa mlatho wa zipilala zisanu ndi ziwiri. Apa atsikana ankayanika zovala pamiyala, ndiye ndinkaliza hutala kawiri."

"Mmodzi mwa atsikanawo ndi amene anandibereka ine," anatero mwana wawo. "Hutala ameneyo anagwira ntchito."

Tinaseka tonse. Bambowo atapita kuchimbudzi, mayiyo anatsitsa mawu. Anati njanjiyo inatsekedwa kalekale, nyanja inagumula gombe n'kukokolola theka la njanjiyo. Maso a bambo ake akufa, ndipo adokotala akuti mwina atsala ndi chaka chimodzi akuona. Kunyumba amasewera gemu yathu tsiku lililonse atasendeza mpando pafupi ndi sikirini.

"Akungofuna adutsepo kamodzi," anatero.

Ndinaika pempholo pamndandanda tsiku lomwelo. Ndinavota ine, mwamuna wanga, ngakhale mlonda. Patapita milungu iwiri ndinanyamula mapuwo kupita nawo kumsonkhano. Abwana si munthu woipa. Anawayang'ana nthawi yaitali, ndipo mkulu wa ojambula anaimba likhweru ataona mlatho uja.

"Yapeza mavoti angati?" anafunsa abwana.

"Khumi ndi anayi."

"Nanga pempho la njira ya mumzinda lija?"

"Ladutsa mavoti zikwi zisanu ndi zinayi, bwana."

Anavula magalasi n'kutikita m'maso. Anati ngakhale atavomera lero, njira imodzi imatenga chaka ndi theka, ndipo pamafunika zithunzi ndi miyeso ya njanji yeniyeni. Tikayeza chiyani pamene pali madzi okhaokha?

Titatuluka ndinamutsatira mkulu wa ojambula mpaka patebulo lake. Ndinamupempha kuti apange kachigawo kokha, phanga ndi mlatho basi.

"Asisi, mtima ndili nawo," anatero. "Koma mafunde okhawo amafuna anthu anayi. Ndipo ndikagwiritsa ntchito makina a kampani mobisa, mawa ndili pamsewu."

Ndinakhala masiku atatu ndisanaimbe foni. Nditaimba anayankha bambowo, ndipo anandizindikira ndisanadzitchule.

"Mwana wanga! Aona mlatho uja?"

"Aona, bambo. Ati ndi wokongola kwambiri."

"Ndinadziwa. Tsono pali chimene ndinaiwala. Mukangodutsa siteshoni yachitatu pali kachitunda, sitima imalemera, muwauze asapapange posalala. Muli ndi cholembera?"

M'malo mowauza kuti zakanika, ndinatenga cholembera n'kulemba za kachitundako. Kenako mwana wawo analanda foni, ndinamva akutseka chitseko.

"Zakanika eti?"

"Zakanika, amayi. Ndayesa pamene ndikanatha. Ndikubwezereni mapu aja?"

"Ayi, asungeni. Akangowaona pakhomo pano adziwa."

Kuyambira pamenepo bambowo amaimba pafupifupi Lolemba lililonse, nthawi zonse ali ndi china chokonza: mtundu wa denga la siteshoni, mbali imene dzuwa limathobwa m'maso m'mawa. Ine ndimalemba. Sindinawanamizepo kuti ntchito yayamba, komanso sindinawauze kuti siidzayamba.

Lolemba lapitali anandiuza kuti asiya kusewera, chifukwa zizindikiro za m'mbali mwa njanji sakuziwerenganso ndipo sitima ikumangowapitirira pasiteshoni.

"Koma njira yangayo siidzavuta," anatero. "Ija ndimaidziwa pamtima. Muwauze asathamange, apange bwinobwino."

Ndinati ndamva. Atadula ndinatsegula kalata yotsatira.