Mtsempha wa Amayi Unandisowa

Ndinalota tili m'kalasi momwe timakumana anthu anayi kukonzekera mayeso opezera chiphaso cha unamwino. Kwatsala masiku asanu, ndipo malotowa sakundichoka m'mutu.

Tiyamike, yemwe amatifunsa mafunso pagulu lathu, anatsegula buku, koma masamba onse anali mabandeji onyowa. Fungo la mankhwala linandifika mpaka kukhosi. Kenako chidole chomwe timaphunzirira kubaya jakisoni chinatsokomola. Nditayang'anitsitsa, anali amayi anga, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, atanditambasulira mkono.

"Baya msanga mwanangu, basi indisiya," anatero.

Ndinafufuza mtsempha koma osaupeza. Khungu lawo linali lozizira ngati simenti. Anzanga ankayimba mayankho pamodzi, ine osamva ngakhale liwu limodzi. Tiyamike anandinong'oneza kuti, "Iwe, si dzulo lomweli unatiphunzitsa zimenezi?" Zala zanga zinkangotalika.

Ndinadzidzimuka tsaya lili pa kope, masana dzuwa likuswa mtengo. Nthawi yomweyo ndinawaimbira foni amayi. Anali kuchigayo, ali bwinobwino.

"Mawu akowo bwanji? Koma ukudya?" anandifunsa.

Sindinawauze za malotowo. Mpaka pano sindikudziwa ngati ndikuopa kulephera, kapena kukhoza n'kusiyiridwa wodwala weniweni ndekha.